Mphunzitsi amene anabweza mpando

Mu 1948, dziko la India lisanathe ndi chaka chomwe likudzilamulira lokha, phungu wina wa m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha United Provinces anatula pansi udindo wake. Palibe amene anamuchotsa. Analibe mlandu uliwonse, ndipo panalibe lamulo lomukakamiza kutero. Nkhani inali yoti iye anali atangotuluka m'chipani cha Congress, pamene mpando umene anakhalapowo anaupeza mu 1946 ataima m'dzina la chipani chomwecho. Anaona kuti mpandowo ayenera kuubweza kwa eni ake, anthu amene anamuvotera, kuti anene okha ngati akumufunabe tsopano popeza wavala malaya ena. Anthuwo atafunsidwa, anamukana.

Phunguyo anali Narendra Deva, amene anthu a ku India mpaka lero samutchula popanda kuyamba ndi dzina laulemu loti Acharya, kutanthauza mphunzitsi. Pa nthawi imene ankabweza mpandowo anali mkulu woyendetsa yunivesite ya Lucknow. Ine ndikuti anachita bwino, ndipo kugonja kwake sikusintha kanthu pa mfundo imeneyi. Koma kuti timvane, ndiyambe ndafotokoza kuti munthuyu anali ndani, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a ife dzinali tikulimva koyamba. Tikamva za India timangodziwa Gandhi, mwina ndi Nehru.

Narendra Deva anabadwa kumapeto kwa Okutobala 1889 ku Sitapur, kumpoto kwa India, koma anakulira ku Faizabad kumene bambo ake ankagwira ntchito ya uloya. Anaphunzira ku Muir Central College ku Allahabad, kenako ku Queen's College ku Benares kumene anazama pa zilankhulo zakale za Sanskrit ndi Pali komanso mbiri yakale ya dziko lake. Mu 1915 anatenga digiri ya zamalamulo nabwerera kwawo kukayamba uloya ngati bambo ake. Njira inali yolambulidwa kale. Akanangoitsata, bwenzi atafa ali munthu wachuma, wodziwika m'tauni yake yokha.

Zinthu zinasintha pamene Gandhi anayambitsa ndawala yokana kugwirizana ndi atsamunda a ku Britain mu 1920. Gandhi anapempha maloya kuti asiye makhoti a boma, ndipo ophunzira asiye sukulu za boma. Kunena nkosavuta, koma mwana akatuluka m'sukulu ya boma apita kuti? Anthu ena anaona vutoli, ndipo mu Febuluwale 1921 anatsegula sukulu yaukachenjede yawoyawo ku Benares, yotchedwa Kashi Vidyapith, yosalandira ndalama ya atsamunda ngakhale khobidi limodzi. Narendra Deva anasiya uloya napita kukaphunzitsa kumeneko, ndipo mu 1926 anakhala mkulu wa sukuluyo. Dzina loti Acharya analitengera kumeneko. Mmodzi mwa anyamata amene anaphunzira pasukulupo zaka zimenezo anali Lal Bahadur, amene anadzakhala nduna yaikulu ya India mu 1964. Dziko lonse limamudziwa kuti Lal Bahadur Shastri, koma Shastri silinali dzina la makolo ake ayi. Linali dzina la digiri imene Kashi Vidyapith inkapereka. Mphunzitsi ndi wophunzira wake, onse awiri anatuluka pasukulu yosauka imeneyi ndi mayina amene anawakanirira moyo wonse.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tiyenera kuimapo pang'ono apa. Masiku ano tikamva kuti mphunzitsi walowa ndale, timadziwiratu kuti choko wachitaya ndipo sadzachitolanso. Narendra Deva sanatero. Ndale anazilowa, ndende anailowa kangapo, koma ntchito ya maphunziro sanaisiye. Mu 1938 boma la chigawo chake linamuika kukhala wapampando wa komiti younikanso maphunziro a pulayimale ndi sekondale, ndipo patapita zaka zoposa khumi anatsogoleranso komiti ina yoona za sekondale. Anayendetsa yunivesite ya Lucknow kuyambira 1947 mpaka 1951, kenako Banaras Hindu University kuyambira kumapeto kwa 1951 mpaka 1954. Zonsezi ankazichita ali ndi matenda a mphumu amene anamuzunza kwa zaka zambiri.

Nanga sosholizimu yake inali yotani? Kwa ife mawuwa amamveka ngati a m'mayeso a histole basi, koma kwa iye inali nkhani ya alimi amene ankawaona tsiku ndi tsiku. M'chigawo chake minda yambiri inali m'manja mwa eni malo otchedwa zamindar. Iwowa sankalima. Ankatolera lendi kwa alimi okhala pamalo awo, napereka gawo lina ku boma la atsamunda, lotsala nkukhala lawo. Mlimi akalephera kulipira ankathamangitsidwa pamunda umene mwina anabadwirapo. Narendra Deva anawerenga mabuku a Karl Marx mozama ndipo sankabisa kuti ankagwirizana nawo pa mfundo yoti anthu olemera ndi anthu ogwira ntchito zofuna zawo zimawombana. Funso lake linali lakuti: azungu akachoka, koma zamindar nkukhalabe pamsana pa mlimi, mlimiyo tinganene kuti wamasuka? Mu Meyi 1934 anakhala wapampando wa msonkhano wa ku Patna umene unabala gulu la Congress Socialist Party, limene linkagwira ntchito mkati mwa chipani chachikulu cha Congress. Anzake pagululi anali anyamata monga Jayaprakash Narayan ndi Ram Manohar Lohia, ndipo iye ndiye anali mkulu wawo pa zaka ndi pa maphunziro. Mu 1939 anatsogolera msonkhano waukulu wa bungwe la alimi a m'dziko lonse ku Gaya.

Chimene chinamusiyanitsa ndi achikomyunizimu nchakuti iye sankakhulupirira kuti chilungamo pa chuma chingagulidwe pogulitsa ufulu wa anthu. Ankafuna sosholizimu yoyendera limodzi ndi demokalase, ndipo ankaumirira kuti khalidwe la munthu womenyera nkhondo osauka ndi mbali ya nkhondoyo. Ngati njira ili yachinyengo, kumene ikupita nakonso kudzakhala kwachinyengo. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa ndiyo imene inadzamuluma mu 1948.

Mu Ogasiti 1942 atsamunda anamanga atsogoleri onse a Congress, ndipo Narendra Deva anamutsekera m'linga la Ahmednagar pamodzi ndi Jawaharlal Nehru, Maulana Azad, Vallabhbhai Patel, Govind Ballabh Pant ndi ena. Anakhala m'ndende mpaka 1945. Nehru anagwiritsa ntchito zakazo kulemba buku lake lotchuka lija la The Discovery of India. Narendra Deva anasankha ntchito yodabwitsa kwa munthu wotsatira Marx: anayamba kumasulira m'Chihindi buku lakale kwambiri la chiphunzitso cha Chibuda lotchedwa Abhidharmakosha, lolembedwa ndi Vasubandhu, ndipo anamasulira kuchokera ku Chifalansa cha katswiri wina wa ku Belgium, Louis de La Vallée Poussin. Iye mwini sanali munthu wopembedza, ndipo sankanamizira. Koma zikhulupiriro za anthu a m'dziko lake ankazidziwa kuposa ambiri amene ankazilalikira.

Dzina la Pant ndalitchula dala. Tikumana naye posachedwa.

Ufulu utabwera mu Ogasiti 1947, ukwati wa Congress ndi gulu la sosholizimu unayamba kugwedezeka. Gandhi, amene ankawagwirizanitsa, anaphedwa pa 30 Januwale 1948. Patangopita masabata ochepa, Congress inasintha malamulo ake kuti munthu asakhale membala wake uku alinso m'chipani china. Mu Malichi chaka chomwecho, a sosholizimu anakumana ku Nasik nagwirizana zotuluka kuti aime paokha ngati chipani chotsutsa. Apa ndi pamene panabuka funso la mipando. Narendra Deva ndi anzake ena a m'nyumba ya malamulo ya United Provinces anali atasankhidwa ngati aphungu a Congress. Akanatha kungonyamuka mbali ino ya nyumbayo nkukakhala mbali inayo, malipiro nkumalandirabe, mpaka chisankho chachikulu chidzafike. Iwo anasankha kutula pansi ndi kukaimanso pa chisankho chapadera.

Congress sinafune kuti mwamuna ameneyu abwerere m'nyumbamo. Nduna yaikulu ya chigawocho inali Pant, mnzake wa m'ndende uja. Dera limene Narendra Deva ankaimira linkaphatikiza Faizabad ndi tauni yoyandikana nayo ya Ayodhya, imene Ahindu amaiona kuti ndi yopatulika chifukwa amakhulupirira kuti mulungu wawo Rama anabadwira kumeneko. Congress inaimika Baba Raghav Das, mmodzi mwa amuna achipembedzo cha Chihindu aja amene amasiya banja ndi chuma nkudzipereka ku mapemphero. Pamisonkhano yokopa anthu, nkhani ya minda ndi lendi inakankhidwira pambali. Chimene anthu ankauzidwa mobwerezabwereza chinali chakuti Narendra Deva sakhulupirira Mulungu, ndiye munthu wotere angaimire bwanji mzinda wa Rama? Pant mwiniwake anapita kukachita kampeni. Mavoti atawerengedwa, mphunzitsi uja anagonja ndi mavoti pafupifupi 1,300.

Tsopano tifike pa mkangano weniweni, chifukwa ndikudziwa zimene ena a inu mukuganiza. Mukuti munthuyu anali wabwino koma wopusa. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mpando anali nawo kale, ndipo pampandopo akanatha kulankhulira alimi aja pa nthawi imene nyumba ya malamulo inali pafupi kukambirana zothetsa ulamuliro wa zamindar. Pofuna kuti manja ake akhale oyera, anasiya alimi opanda mlomo, mpando nkupita kwa munthu amene anaupeza poopseza anthu ndi chipembedzo. Ndani anapindula pamenepa?

Mfundoyi si yopepuka, ndipo mbiri ikuoneka ngati ikuikira kumbuyo. Pa chisankho choyamba cha dziko lonse cha 1951 mpaka 1952, chipani cha Socialist chinapeza mavoti oposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi, koma mipando 12 yokha mwa mipando 489, pamene Congress inatenga 364. Pambuyo pake a sosholizimu anaphatikizana ndi chipani china nkupanga Praja Socialist Party, kenako anagawikana, ndipo Narendra Deva anathera zaka zake zomaliza akuyesa kulumikiza anzake amene sankamvananso. Munthu atati kutuluka mu Congress kunali kulakwitsa masamu, sindingamutsutse ndi mtima wonse.

Koma apa pali mafunso awiri, ndipo sitiyenera kuwaphika mumphika umodzi. Loyamba nlakuti, kodi kunali kwanzeru kutuluka m'chipani? Limenelo ndi funso la ndale, ndipo munthu akhoza kuliphonya. Lachiwiri nlakuti, utatuluka, mpando ndi wa yani? Limeneli ndi funso la umwini. Munthu amene anavota mu 1946 anavotera Narendra Deva wa Congress, chipani chimene chinkamenyera ufulu. Mwina ankakonda munthuyo, mwina ankakonda chipanicho, ndipo palibe amene akanadziwa popanda kumufunsa. Phungu akanyamula voti imeneyo nkupita nayo kuchipani china osafunsa, watenga chinthu chimene anangosungitsidwa nkuchiyesa chake. Ngakhale cholinga chake chikhale chabwino chotani, mwini wake sanamufunse. Ndipo taonani chimene chisankhocho chinaulula: anthu ambiri amene anavota sanamufune. Kaya ananamizidwa kaya anaopsezedwa, yankho lawo linali limenelo. Akanakhalabe pampando, bwenzi akulankhula m'dzina la anthu amene, atapatsidwa mpata, akanamuuza kuti atsike. Munthu amene moyo wake wonse ankaphunzitsa kuti anthu wamba ali ndi nzeru zodzisankhira okha sakanatha kuthawa kuwafunsa chifukwa choopa yankho lawo.

Zimene zinadza pambuyo pake m'dziko lomwelo zikuonetsa mtengo wa khalidwe limene iye analikana. Pofika zaka za m'ma 1960, aphungu a ku India ankasintha zipani ngati malaya, maboma a zigawo nkumagwa chifukwa cha zimenezi. Mu 1967 phungu wina wa ku Haryana, Gaya Lal, anasintha chipani katatu m'masiku ochepa chabe, mpaka dzina lake linasanduka nthabwala ya dziko lonse. Zinatengera lamulo, limene linabwera mu 1985, kuti aphungu akakamizidwe kuchita chimene Narendra Deva anachita yekha zaka 37 m'mbuyomo. Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limanena za phungu wochoka m'chipani chimene anasankhidwira nkulowa china, ndipo makolo athu amakumbukira mkangano umene unagwira nyumba ya malamulo kwa zaka pulezidenti Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF mu 2005, aphungu ambiri nkumutsatira. Lamulo linalipo, lolembedwa bwinobwino, koma kupeza munthu wodzuka yekha nkunena kuti mpandowu ndikukaubweza kwa eni ake kunali kovuta.

Palinso chifukwa china chimene, kwa ine, chimalemera kuposa zonsezi. Mwamunayu sanali phungu chabe. Anali mkulu wa yunivesite, ndipo anyamata ndi atsikana zikwi zingapo ankamuyang'ana, m'dziko limene linali kuphunzira kumene kuti demokalase imayenda bwanji. Pa maphunziro athu amatiuza kawirikawiri kuti mwana amatola zambiri pa zimene mphunzitsi amachita kusiyana ndi zimene amalemba pabolodi. Timalemba zimenezi m'mayeso nkukhoza. Narendra Deva anapatsidwa funso lomweli kunja kwa kalasi, pamaso pa ophunzira ake, ndipo malipiro a yankho lolondola anali kutaya mpando. Akanakhala kuti anakakamira, ndi nkhope yanji imene akanaimirira nayo pamaso pa wophunzira wogwidwa akubera mayeso, yemwenso akanati cholinga chake chinali chabwino?

Mbali ya chipembedzo ija ndiyo imandisowetsa mtendere, ndipo sindiilambalala chifukwa choti ikutikhudza ife okhulupirira. Zimene adani ake ananena sizinali zabodza. Munthuyo sankapembedzadi. Ndipo wovota aliyense ali ndi ufulu woganizira chikhulupiriro cha munthu amene akumupempha voti. Koma tifunse kuti kusapembedza kwakeko kunayamba liti kukhala vuto. Congress yomweyo inamuimika pa chisankho mu 1937 ndi mu 1946. Nehru anamuika m'komiti yaikulu ya chipanicho mu 1936. Pant anakhala naye m'linga limodzi la ndende pafupifupi zaka zitatu. Onsewa ankamudziwa bwino kuti amakhulupirira chiyani ndipo sakhulupirira chiyani, koma palibe amene anaona chovuta pamene iye ankawabweretsera mavoti. Dzina la mulungu linakumbukiridwa tsiku limene mpando unali pangozi. Pamenepo sikuti ankateteza chikhulupiriro cha anthu a ku Ayodhya. Anachibwereka kuti agwirire ntchito yawo.

Chinthu chobwerekedwa motero sichibwerera mwakale. Ku Ayodhya komweko kunali mzikiti wakale wotchedwa Babri Masjid, umene Ahindu ena ankati unamangidwa pamalo enieni pamene Rama anabadwira. Usiku wina mu Disembala 1949, patangotha chaka ndi theka chichitikire chisankho chija, anthu analowetsa fano la Rama mumzikitimo, ndipo boma linautseka. Mkanganowo unafuka kwa zaka makumi anayi, andale akuukolezera, mpaka pa 6 Disembala 1992 pamene chikhamu cha anthu chinagumula mzikitiwo. Pa zipolowe zimene zinatsatira m'dziko lonse munafa anthu pafupifupi 2,000. Sindikunena kuti chisankho chapadera chimodzi ndicho chinabala zonsezi, chifukwa mkangano wa malowo unalipo kale Narendra Deva asanabadwe. Koma mu 1948 andale anaona ndi maso awo kuti m'tauni imeneyi dzina la Rama likhoza kugwetsa ngakhale munthu amene aliyense ankamulemekeza, ndipo phunziro limenelo sanaliiwale.

Ife timaphunzitsidwa kuyambira tili ana kuti chikumbumtima cha munthu sichiyenera kukakamizidwa ndi boma kapena ndi gulu, ndipo timadandaula msanga pamene wokakamizidwayo ali mmodzi wa ife. Nkhani ya ku Faizabad ikutifunsa ngati mfundoyi timaigwirabe pamene wopanikizidwayo ali munthu wosapemphera, ndipo omupanikizawo akulankhula chilankhulo chimene makutu athu amachikonda. Ndikadziika m'gulu la anthu amene anaima pamzere tsiku limenelo, sindingalumbire kuti ndikanavotera mphunzitsi uja. Mwina nanenso ndikanatengeka, ndipo ndikanabwerera kunyumba ndikudziona ngati ndachita chinthu choyera.

Chimene sanachite atagonja nchofunikanso kuchitchula. Sanayambe kuonekera pa akachisi kuti anthu amuone, ndipo sanabwerere ku Congress kukapempha malo, ngakhale kuti nduna yaikulu ya dziko lonse inali mnzake wa m'ndende. Anapitiriza ntchito yake ku Lucknow, kenako ku Benares. Mu 1952 analowa m'nyumba yachiwiri ya malamulo ya dziko lonse, Rajya Sabha, tsopano m'dzina la chipani chakechake. Mphumu inapitiriza kumufooketsa, ndipo anapita kum'mwera kwa dzikolo kukafuna mpweya wabwino. Anamwalira ku Erode pa 19 Febuluwale 1956, ali ndi zaka 66.

Buku lake lalikulu lofotokoza chipembedzo ndi nzeru za Chibuda, Bauddha Dharma Darshan, linalandira mphoto ya Sahitya Akademi mu 1957, mwini wake atagona kale. Mu 1975 boma la chigawocho, chimene tsopano chimatchedwa Uttar Pradesh, linakhazikitsa yunivesite ya zaulimi ku Kumarganj nkuipatsa dzina lake. Kumarganj ili m'boma la Faizabad lomwe lija, limene mu 2018 analisintha dzina kukhala Ayodhya.